Mapu a Mudzi Wathu ndi Matako a Amadamu

Kwathu kuno, pakati pa Chileka ndi Lirangwe, tili ndi gulu la amayi lophika pa zochitika. Maliro akagwa ndife, ukwati ndife, sadaka ndife. Za mipingo timazisiya pakhomo. Amvano tilimo, achisilamu alimo, ndipo utsi wa nkhuni zaziwisi umatiliza mofanana. Chimene tinalibe ndi yunifomu. Amayi a kutsidya kwa mtsinje anali atagula yawo yobiriwira, moti akamafika pamaliro unkachita ngati munda wa fodya wanyamuka, pamene ife tinkaoneka ngati kaunjika womwazidwa ndi kamvuluvulu.

Wapampando wathu ndi mkazi wa aphunzitsi aakulu amene anapuma ntchito. Timangowatcha amadamu. Ndi mayi wa tchalitchi, woyenda ndi ambulera ngakhale kulibe dzuwa, ndipo Mulungu anawadalitsa kumbuyoku mosaumira. Wondilembera nkhaniyi asachotsepo zimenezi, chifukwa nkhani yonse yagona pomwepo. Titagwirizana zopanga yunifomu, ndi amadamuwo amene anati chitenje chathu chisakhale cha maluwa.

"Maluwa ali nawo aliyense," anatero. "Ife tiikepo mudzi wathu. Si mwana wa amayi awa amajambula mapu m'tauni?"

Ankanena mwana wanga wamkazi, mayi wa ana akenso, amene amagwira ntchito ku Blantyre yojambula mapu a mijigo pa kompyuta. Ine sukulu ndinangoiona denga, choncho ntchito yakeyo ndinkangoimva ngati mmene timamvera ndege ikamatsikira ku Chileka: phokoso lokha, za m'kati osadziwa. Koma pagulu ndinavomera msangamsanga ngati ndine ndinamuphunzitsa.

Anabwera Loweruka lina ndi laputopu yake, n'kuiika pa mpando wa ndalema pakhonde panga. Mudzi wathu anali nawo kale m'menemo chifukwa cha ntchito ya mijigoyo. Atatsegula ndinaona mudzi wonse kuchokera kumwamba, mpaka denga langa ndi thayala limene ndinatsinjikira malata. Ndinachita manyazi. Zaka zonsezi ndinkati thayalalo sililikuoneka, osadziwa kuti azungu a m'ndege amaliona tsiku ndi tsiku.

Amayi anadzaza pakhonde, aliyense kufuna denga lake. Pafupi nane panali mnzanga wa ku ubwana, mayi wachisilamu amene timangomuti Abiti. Amagulitsa usipa pa msika wa Lirangwe. Ndi iye anandigwira msana pobereka mwana wanga woyamba, ndipo chiyambire tsiku limenelo amati ali ndi ufulu wondinyoza mmene afunira.

"Amwali, denga lanu ndi ili lovala ndolo?" anafunsa akuloza thayala lija.

"Lanu lili kuti, Abiti? Kapena ndege inaliyesa khola?"

Mudzi wathu ndi wautali, unangotsata msewu wafumbi. Kumadzulo kuli chigayo ndi nyumba ya kachasu, kenako manda, tchalitchi, mzikiti, nyumba ya amadamu, nyumba yanga, mpaka kudambo kum'mawa. Mwana wanga anajambula malire aatali ngati chitenje choyala, n'kunena kuti zonse zogwera m'katimo ndizo zipite pa nsalu. Ataika malirewo kuti mudzi wonse ukwane, mzikiti unapezeka pakati penipeni. Abiti anaimba nthungululu.

"Mwaona? Ngakhale kompyuta ikudziwa mwini mudzi."

Amadamu anangoti kukamwa tswii, n'kunena kuti pakati si kumwamba. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ife, amayi amene tavala zitenje chibadwire, amene anaganiza kuti pakati pa chitenje pamagwera pati.

Mwana wanga anatumiza chithunzi cha mapuwo pa foni kwa bambo wosindikiza nsalu m'tauni. Tisanamalize n'komwe kudya chinangwa, bamboyo anabweza yankho. Anati wachikulitsa chithunzicho kuti chifike msinkhu wa chitenje, ndipo chaphwasuka. Anatumiza ndi umboni. Msewu wathu unali ngati masitepe, mtsinje ngati njerwa zosanja woledzera, nyumba yanga ngati chipsera cha phala. Anati timutumizire vekita.

"Vekitayo agula kuti?" ndinafunsa.

Mwana wanga anaseka, koma ndinamuumiriza mpaka anandifotokozera. Akuti chithunzi chili ngati mikanda yoyala pa lichero. Ukaima patali uona duwa, ukayandikira uona mikanda basi. Ukafuna duwa lalikulu mikandayo siichuluka, imangotupa. Koma pali fayilo ya mtundu wina imene sisunga mikanda. Imasunga malangizo, ngati mmene timalozera mlendo njira: yambirani pa mlambe, pitani molunjika, pa chigayo mukhote. Malangizo otere kaya uwajambule pa chikhatho kaya pa khoma la sitolo, mzere umatuluka wakuthwa chimodzimodzi. Vekita ndi imeneyo. Ntchito yake tsopano inali yotulutsa mapu athu m'pulogalamu ya mapu kuti akhale fayilo ya mizere yoteroyo.

Apa m'pamene ndinaona kuti mapu si chinthu chimodzi. Anali osanjikiza ngati mmene timavalira m'nyengo yozizira: misewu payokha, nyumba pazokha, mtsinje pawokha, mayina paokha. Akadina apa misewu yasowa, akadinanso yabwerera. Chithunzi cha kumwamba chija anachithimitsa, chifukwa akuti chimenecho ndi mikanda ndithu, sichingasanduke mizere. Thayala langa linapita nacho, ndipo sindinalire. Kenako mwangozi anayatsa chosanjikiza china cha ku ntchito kwake, ndipo pa nyumba zina panatuluka timadontho tofiira.

"Tofiirato n'chiyani?" anafunsa Abiti.

"Makomo opanda chimbudzi."

Amayi ena anayamba kuyang'ana nkhuku. Amadamu, amene pakhomo pawo panalibe kadontho, anati mwina tingotisiya kuti anthu aphunzirepo. Tinawakuwiza mpaka mwana wanga anathimitsa.

Atatha kusankha zoti zipite, anadina n'kutulutsa. Ine ndinkadikira kuti chinthu chituluke m'mbali mwa laputopu ngati ufa pa chigayo, koma palibe chinatuluka. Anangotsegula pulogalamu ina, yojambulira, ndipo mudzi wathu unali m'menemo. Koma unabwera ndi alendo. Msewu wa phula unadumpha malire n'kumapitirirabe cha ku Lirangwe, ndipo nyumba za anthu a kutsidya zinatsatira m'mphepete, ngati anthu omva fungo la nyama. Mwana wanga anati zimatero nthawi zina, zakunja kwa malire zimakakamira. Anazidula chimodzichimodzi, ife tikulozera amene ayambe kuchotsedwa.

Kenako anati mayina a malo ayenera kusanduka zojambula, chifukwa kompyuta ya wosindikizayo mwina ilibe zilembo za mtundu wake, ndiye ikhoza kuikapo zake zonenepa n'kukwirira theka la mudzi. Ndinamuuza kuti asavutike, kwa ine zilembo zakhala zojambula chibadwire.

Asanatseke anandionetsa chinthu china. Anagwira nyumba ya amadamu ndi chala n'kuikoka, ndipo inayenda ngati bakha pamadzi mpaka m'kati mwa manda. Anaibweza msanga eni ake asanaone.

"M'pulogalamu ya mapu muja, amayi, nyumba iliyonse ndi mbuzi yomangidwa pa chikhomo chake," anatero. "Imadziwa pamene ili pa dziko. Ikangotuluka kubwera kuno, chingwe chaduka. Ndi chojambula basi."

Fayilo inapita. Wosindikiza anati tsopano zili bwino, ndipo asindikiza chitenje chimodzi choyesera tisanamuuze kuti apange cha gulu lonse.

Chitenje choyeseracho chinabwera ndi mwana wanga pa minibasi, chimanga titakolola. Tinakumana pakhonde pa amadamu. Atachitambasula tonse tinati eee. Chinali chachikasu, mizere yakuda yakuthwa ngati yodula ndi lezala, mtsinje wabuluu ukutsetsereka m'munsi. Tchalitchi ndi kamtanda kake, mzikiti ndi kamwezi kake. Nyumba yanga inalipo, kabokosi kaukhondo kuposa mmene iliri.

Amadamu anati poti ndiwo wapampando, ndiwo ayambe kuvala. Anachikulunga m'chiuno, n'kusomeka, n'kuyamba kuyenda pabwalo monyang'wa. Kutsogolo kunali bwino, chigayo ndi dambo zitakumana pamimba. Atatembenuka, mayi wina anagwira pakamwa. Mzikiti unali utakhala pakati penipeni pa matako a amadamu, ndipo poti malowo ndi aakulu, unaoneka ngati wawonjezeredwa chipinda. Akaponda mwendo uwu kamwezi kakwera, akaponda winawo katsika.

Tinaseka mpaka ena anagona pansi. Inenso ndinaseka, sindibisa. Ndinasiya nditaona kuti Abiti sakuseka, ndipo amayi achisilamu amene anakhala naye mbali imodzi ayang'ana pansi.

"Amadamu, musakhale pansi," anatero Abiti.

"Bwanji? Ndi nsalu chabe iyi."

"Musakhale pansi, ndanena."

Ndinayesa kuziziritsa. "Abiti, inu ndi ine takhalira nkhope za atsogoleri angati? Chisankho chilichonse amatipatsa zitenje, timawakhalira pamphuno, ena timaberekera ana n'kuwakodzera. Analira ndani?"

"Amenewo anabweretsa okha nkhope zawo, amwali. Mzikiti sunapemphe voti."

Amadamu anavula chitenjecho n'kuchipinda. Anati nkhaniyi ndi yaing'ono. "Si mwanayu ananena kuti chilichonse chili pachokha? Angouchotsapo mzikitiwo, pakhale poyera. Aliyense akhale pansi mwamtendere."

Abiti anaimirira. Ndimamudziwa. Akakwiya sakuwa, amayamba kukonza mpango wake pang'onopang'ono.

"Muchotse mzikiti, tchalitchi chitsale? Ndiye ukhala mudzi wa yani umenewo? Ngati zili choncho valani nokha. Kuyambira lero inu muziphika maliro anu, ife athu."

Anzake anaimiriranso, kuyamba kufunafuna masilipasi. Mudziwu unaonapo magulu akugawikana, ndipo sabwererananso. Amayamba ndi mapoto, kenako moni pa mjigo. Ine ndi Abiti tasenda anyezi mphasa imodzi pa maliro a amuna athu onse awiri. Ndinaganiza za tsiku langa, pamene ndidzagone m'nyumba anthu akuimba panja, Abiti ali kwawo akumva kuti kukuphika ena. Ndani adzanene kuti ndiwo zachepa mchere?

Ndinamugwira chitenje. "Khalani pansi, mayi inu. Mukuthamangira kuti, usipa wanu suthawa. Iwe mwanawe, tsegula chinthu chakocho. Si unayendetsa nyumba tsiku lija? Usunthe mzikitiwo, uukweze cha m'chiuno."

Mwana wanga anatsegula fayilo ija m'pulogalamu yojambulira. Anagwira mzikiti ndi chala, n'kuukweza pang'ono. Unakafika m'munda mwa eni ake. Anausunthira kumbali, unakatera m'dambo.

"Bweza!" anakuwa Abiti. "Kumeneko kumalira achule. Mzikiti uja njerwa zake anaumba ndi bambo anga, uli pambali pa mtengo wa bwemba, ndipo unayang'ana kumene uyenera kuyang'ana. Suyenda."

"Inenso sindikanavomera, azakhali," anatero mwana wanga akuubweza. "Ndangoonetsa amayi kuti aone okha. Tikayamba kusuntha, mawa wina adzati nyumba yake iyandikire mjigo. Amenewo sakhalanso mapu."

"Ndiye kuchotsa ayi, kusuntha ayi, kukhalira ayi," anatero amadamu. "Tizivala pamutu?"

Mwana wanga anatembenuzatembenuza chitenje chija. Kenako anati mudzi sungayende, koma malire angayende. Anatseka fayilo ya mizere n'kubwerera m'pulogalamu ya mapu, kumene mbuzi zonse zinali pa zikhomo zake. Anapempha amadamu kuti avalenso chitenjecho, n'kuyeza ndi dzanja kuti pokhalira payambira pati n'kulekeza pati. Anati tiyezere pa iwo chifukwa pamene akwana amadamu, wina aliyense akwana. Anajambula bwalo pakati pa malire aja pa laputopu.

"Chilichonse cholowa m'bwalo ili chikhaliridwa," anatero. "Ndiyambe kusuntha?"

Anakankhira malire kumadzulo. Mzikiti unatuluka m'bwalo, ndipo m'malo mwake munalowa tchalitchi ndi kamtanda kake.

"Ayi, ayi, ayi!" Amadamu anachita kudumpha.

"Bwanji, amadamu?" anatero Abiti, mpango uli m'manja. "Si nsalu chabe?"

Anapitiriza kumadzulo, m'bwalo munalowa manda. Apo tonse tinakuwa pamodzi, achisilamu ndi amvano. Akufa sakhaliridwa, ndipo ena a iwo anali ovuta ali moyo. Anabwerera kum'mawa, kudutsa tchalitchi, kudutsa mzikiti, ndipo m'bwalo munalowa nyumba ya amadamu ndi khitchini yake.

"Aphunzitsi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi," anatero amadamu. "Akamva kuti mudzi wonse ukuwakhalira, mundiphera munthu. Pitiriza, mwanawe."

Anapitiriza pang'ono. M'bwalo munalowa kabokosi kamodzi kokha, ndi khola la mbuzi kumbuyo kwake. Sindidziwa kuwerenga, koma nyumba yanga ndimaidziwa. Mzikiti unali utapita cha pa ntchafu, tchalitchi chitazungulira kutsogolo. Kumadzulo chigayo ndi nyumba ya kachasu zinatsala kunja kwa malire, ndipo palibe anazilirira.

Maso onse anabwera kwa ine.

"Pitirizabe," ndinatero. "Ukafike kudambo. Achule sadandaula."

"Ndikafika kudambo, amayi, tchalitchi chitsala kunja kwa nsalu, ndi nyumba zonse za kumanda kuja. Malo ndi ano basi."

Ndinaganiza za akamwini anga. Ndinaganiza za amayi a kutsidya, amene pakamwa pawo sipagwa ntchentche, akadzamva kuti nyumba ya uje ndiyo ili pamalo paja. Munthu wamkulu ngati ine, wokhala ndi zidzukulu zokwatiwa, kumayenda pa matako a mudzi wonse, kuphatikizapo anga. Ndinayang'ana Abiti. Anali ataima, silipasi imodzi kuphazi ina m'manja. Ndi tsiku lokhalo limene ndinamuona akusowa chondinyoza nacho.

"Isiye pomwepo," ndinatero. "Malemu amuna anga anaikhalira nyumba imeneyo moyo wawo wonse osanyamuka, ndipo sinagwe. Ipirira."

Abiti anaponya silipasi ija pansi n'kukhala. "Komatu thayala lija muchotse, amwali," anatero. "Lingatibaye."

Mwana wanga anayambiranso ntchito yonse, chifukwa malire akasuntha fayilo yakale ilibenso ntchito. Anathimitsa chithunzi cha kumwamba, anaonetsetsa kuti tofiira tija tagona, anatulutsanso. Nyumba za kutsidya zinatsatiranso, anazidulanso. Mayina anawasandutsanso zojambula. Ankang'ung'udza kuti ku ntchito kwake mapu amawafunsa za madzi, osati za matako. Asanatumize, amadamu anamuuza kuti akulitse pa laputopu malo a tchalitchi kuti aone ngati kamtanda kali kowongoka. Anakulitsa mpaka kamtandako kanadzaza galasi lonse, ndipo kanali kakuthwabe. Abiti naye anafuna kuona kamwezi kake. Ine sindinapemphe. Ndinkadziwa kuti yanga ikulitsidwa mokwanira.

Zitenje zinabwera mvula isanayambe. Tinayamba kuzivala pa ukwati wa mdzukulu wa Abiti, cha ku Lirangwe. Tinatsika minibasi tonse achikasu, ndipo anthu a pamsika anasiya malonda kutiyang'ana. Ana ankatitsatira kufunafuna sukulu yawo pa ntchafu zathu. Amayi a kutsidya analiponso ndi zobiriwira zawo. Mmodzi anazungulira kumbuyo kwa amadamu, n'kuwerama ngati wataya singano.

"Nanga apa ndi pa yani?"

"Ndi panga," ndinayankha ndekha asanauzidwe ndi wina. "Yanu ili pati? Tinaidula."

Tinagwira ntchito mmawa wonse chiimirire, mpunga mbali iyi, nyama mbali iyo. Alendo atadya, anatiyalira mphasa pansi pa mtengo kuti nafenso tidye. Ndinaona amayi akuzengereza, aliyense akuyang'ana mnzake kenako ine. Palibe ankafuna kuyamba. Abiti anabwera ndi mbale yake, anaima pambali panga n'kutembenuka. Anapinda maondo pang'ono, n'kuimira m'malere.

"Odi kuno, amwali!"

"Lowani," ndinatero. "Koma mupukute mapazi."

Anadzigwetsa pamphasa ndi thupi lonse. Amayi ena onse anatsatira, aliyense ndi odi wake, amadamu pomalizira ndi odi waulemu wa ku tchalitchi. Ine ndinakhala osaodira, poti ndi kwanga. Abiti anatenga nyama m'mbale mwanga, analawa, n'kunena kuti mchere wachepa.